Kamera ndi lenzi yoyenera kunyamula pokajambula mbalame ku Costa Rica

Namzeze:

Moni kwa nonse okonda mbalame. Ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kwa milungu ingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa inu munayendapo kale njira imeneyi. M'mwezi wa Epulo ndikupita ku Costa Rica kwa masiku 14 pamodzi ndi anzanga awiri, ndipo cholinga chachikulu cha ulendowu ndi kukaona ndi kujambula mbalame. Tagwirizana kuti tikayambire ku chigwa cha San Gerardo de Dota, komwe anthu amapita kukaona mbalame ya mchira wautali yotchedwa quetzal, kenako titsikire ku nkhalango zamvula za ku Sarapiquí, ndipo tikatsirize ndi nkhalango yotetezedwa ya Carara komanso ulendo wa pa boti pa mtsinje wa Tárcoles.

Kamera yomwe ndili nayo ndi Nikon D5600 ndi lenzi ya AF-P DX 70-300mm. Yanditumikira bwino kwa zaka zisanu pojambula anthu ndi malo, koma ikafika nkhani ya mbalame ndimabwerako wokhumudwa, chifukwa mbalameyo imatuluka ngati kadontho pakati pa masamba, ndipo ndikachikulitsa chithunzicho pa kompyuta nthenga zimaoneka ngati wina wazitikita ndi chala. Zondimanga manja zilipo ziwiri. Tikiti yanga ikulola chikwama cha m'manja chosapitirira makilogalamu 7, ndipo sindikufuna kuti zida zanga zipite pansi pa ndege pamodzi ndi masutikesi. Chachiwiri, phewa langa lakumanja silichedwa kudandaula ndikanyamula chinthu cholemera kwa maola angapo.

Ndawerenga zambiri mpaka mutu wazungulira. Ena akuti ndigule lenzi ya Sony FE 200-600mm ndi kamera yake, ena akuti kamera ya Canon EOS R7, ndipo mnzanga wina akundikakamiza kuti ndingogula Nikon Coolpix P1000 popeza imakoka zinthu za kutali kuposa zonse. Kodi ndisinthe zonse, kapena ndingogula lenzi yaitali yolowa pa kamera yomwe ndili nayoyi?

Kakowa:

A Namzeze, mwachita bwino kutchula za phewa ndi za makilogalamu 7 poyambirira, chifukwa anthu ambiri amayamba ndi kufunsa kuti lenzi yabwino koposa ndi iti, n'kudzakumbukira za msana ali kale pakati pa phiri. Ndiyamba ndi kuchotsa ziwiri pa mndandanda wanu. Sony FE 200-600mm ndi lenzi yabwino kwambiri, koma payokha imalemera magalamu 2,115 ndipo ndi yaitali kupitirira masentimita 30. Mukaikapo kamera mwafika pafupi ndi makilogalamu atatu, omwe ndi pafupifupi theka la chikwama chanu chonse, musanaikemo mabatire, chaja, zoonera patali ndi mankhwala anu. Coolpix P1000 nayo ndi zoona kuti imakoka mofanana ndi lenzi ya mamilimita 3,000 (nambalayi ikakula, lenzi imakoka za kutali), koma sensa yake, kachipangizo komwe kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi, ndi kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, ndipo imafuna dzuwa lowala kuti itulutse nthenga zooneka bwino. Pa mtsinje wa Tárcoles ingakusangalatseni, pamene pansi pa mitengo ya ku Sarapiquí ingakulizeni.

Ine ndimayenda ndi OM System OM-1 ndi lenzi ya M.Zuiko 100-400mm f/5-6.3. Kamerayo imalemera magalamu 599, lenziyo magalamu 1,120 mukachotsa chogwirira cha tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), kotero zonse pamodzi ndi makilogalamu 1.7 basi. Popeza sensa ya kamerayi, ya mtundu wa Micro Four Thirds, ndi yocheperapo, zomwe mumaona pa mamilimita 400 zimafanana ndi zomwe wa kamera ya sensa yaikulu (full frame) amaona pa mamilimita 800. Lenzi yanu ya panopa ikafika pamapeto imafanana ndi mamilimita 450 okha, ndiye mutha kuona nokha kuti mbalame yomwe ikukuvutaniyo idzakula pafupifupi kawiri m'litali ndi m'lifupi momwe.

Chomwe chinanditembenuza mtima kwenikweni si kupepuka kokha ayi, koma mmene kamerayi imazindikirira mbalame. Mukailoza ku nthambi, kabokosi kamatera pa mbalameyo, kenako kamachepa n'kukhazikika pa diso, ngakhale patsogolo pake pali tsamba lomwe kamera yakale ikanalikakamira. D5600 yanu ili ndi malo 39 okha otolera fokasi ndipo imajambula zithunzi zisanu pa sekondi, zomwe n'zokwanira pa ukwati, koma kambalame ka tanager sikadikira kuti musunthe kadontho ka fokasi ndi chala. Palinso chomwe amachitcha Pro Capture: mukasindikiza batani mwatheka, kamera imayamba kusunga zithunzi mwakachetechete, ndipo mukalisindikiza lonse imakupatsaninso zija za kanthawi kapitako. Motero chithunzi cha mbalame ikungotambasula mapiko kuti inyamuke, chomwe kale chinali cha amwayi okha, chimatheka ngakhale kwa ife a zala zochedwa. Ndiwonjezere kuti OM-1 inapangidwa moteteza ku fumbi ndi mvula yowaza, pa muyezo wa IP53, ndipo kumene mukupitako mvula siipempha chilolezo.

Nkhani ya zoom, kutha kwa lenzi kukoka chinthu kapena kuchibweza, musaipeputse. Quetzal yaimuna ili ndi nthenga za kumbuyo zotalika kupitirira theka la mita, ndipo m'nyengo yomwe mukupitayo mbalamezi zimakhala zikuswa m'mphako za mitengo youma, moti nthawi zina mumangoona nthengazo zikulendewera kunja kwa bowo mwini wake ali m'kati. Ine inanditerera pa mtengo wa mapeyala akutchire pafupi kwambiri, pa mtunda womwe sindinauyembekezere, ndipo ndinabweza lenzi mpaka cha m'ma 200 kuti mchira wonse ulowe. Bambo wina amene anaima pambali panga ndi lenzi yaikulu yosasintha anabwerera chambuyo mpaka anagunda mpanda, ndipo anapita ndi chithunzi cha mutu ndi chifuwa chokha. Ngati mtima wanu uli pa Canon, R7 ndi RF 100-500mm zimafika pafupifupi makilogalamu awiri ndipo zimakoka mofanana ndi 800 yomweyo, choncho nayonso ndi njira yabwino.

Kadzidzi:

A Kakowa anena zoona zambiri, ndipo pa za P1000 ndi Sony yaikulu ija sindiwonjezerapo kanthu. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti "imafanana ndi mamilimita 800", chifukwa mawuwa amanena za kukula kwa mbalame m'chithunzi, koma sanena kalikonse za kuchuluka kwa kuwala komwe kwafika pa sensa. Mwina ndi dzina langali lomwe limandichititsa kuganiza za mdima nthawi zonse, koma ku Costa Rica mdani wanu wamkulu sadzakhala mtunda. Mbalame zambiri za kumeneko zinazolowera anthu, ndipo malo ogona ambiri amaika zipatso ndi madzi a shuga poyera kuti zibwere pafupi. Mdani wanu adzakhala mdima. San Gerardo de Dota ndi chigwa chakuya chomwe chili pamtunda wa mamita oposa 2,000, dzuwa limachedwa kusuzumira m'menemo, ndipo quetzal imafunidwa m'bandakucha pamene nkhungu isanayalule. Ku Sarapiquí mitengo ndi italiitali yotsekerana pamwamba, moti masana enieni pansi pake pamakhala ngati dzuwa lalowa kale.

Pali kasamu kophweka komwe ndimapempha aliyense kuti achite asanagule lenzi ya mbalame. Tengani kutalika kwa lenzi, komwe ndi mamilimita olembedwa pa dzina lake, mugawe ndi nambala ya f yolembedwa pomwepo (monga 6.3 mu f/6.3), ndipo mupeza kukula kwenikweni kwa bowo lomwe kuwala kochokera kwa mbalameyo kumalowera. Lenzi yanu ya panopa, 300 kugawa ndi 6.3, ikupereka mamilimita 48. Ya a Kakowa, 400 kugawa ndi 6.3, ikupereka 63. Canon RF 100-500mm pa f/7.1 ikupereka 70. Tsono Nikon AF-S 500mm f/5.6E PF, yomwe inatuluka mu 2018, ikupereka 89. Popeza bowolo ndi lozungulira, kusiyana kwa 63 ndi 89 si kwakung'ono monga kukuonekera pa manambala: mutaima pa malo amodzi, kujambula mbalame imodzi, pa liwiro limodzi la shutter (kachitseko komwe kamatseguka kanthawi kuti kuwala kulowe), lenzi ya 500 PF idzatolera kuwala kochokera kwa mbalameyo kuwirikiza kawiri kuposa ya 400 f/6.3, ndiponso kuposa katatu poyerekeza ndi yomwe muli nayoyo. Kuwala kumeneko ndi komwe kumasiyanitsa nthenga zowerengeka imodziimodzi ndi zija munati zotikitidwa ndi chala.

Chomwe ndikutchulira lenzi imeneyi n'chakuti imalowa pa kamera yanu popanda chida china chilichonse cholumikizira, imalemera magalamu 1,460, ndipo ndi yaifupi, masentimita osakwana 24, moti imagona bwinobwino m'chikwama wamba cha kumsana. Ili ndi galasi lapadera la mtundu wa Fresnel, ndipo n'chifukwa chake ili yopepuka chonchi. Pa D5600 zonse pamodzi sizikwana makilogalamu awiri, ndipo mumaona mofanana ndi mamilimita 750. Mukafuna kupita patsogolo pang'ono, funani D500 yogwiritsidwapo kale ntchito, popeza inasiya kupangidwa. Kamerayi inatuluka mu 2016, ili ndi malo 153 otolera fokasi, imajambula zithunzi 10 pa sekondi, ndipo anthu ambiri ojambula mbalame anaidalira kwa zaka zambiri makamera ozindikira diso asanabwere. Kuipa kwake n'kwakuti imalemera magalamu 860, ndiye phewa lanu liyenera kufunsidwa kaye.

Musanyengedwe ndi zomwe amalemba zakuti chida choletsa kugwedera chimalola kujambula pa liwiro lochepa kwambiri. Chidacho chimaletsa kunjenjemera kwa manja anu, koma mbalameyo sichiigwira. Mbalame yokhala phee pa nthambi imafunabe 1/250 kapena 1/500 ya sekondi chifukwa mutu wake sukhazikika, youluka imafuna 1/2000 kapena kuposerapo, ndipo timbalame ta hummingbird, tomwe timaoneka ngati choso ngakhale kuti si pachibale, timakupiza mapiko kambirimbiri pa sekondi imodzi moti ngakhale pa 1/4000 nsonga za mapiko zimatha kuoneka mwachimbuuzi. Liwiro lonseli limalipiridwa ndi ISO, nambala yomwe mumakweza kuti chithunzi chiwale pamene kuwala kwachepa, ndipo m'nkhalango mudzapezeka muli pa 6400 kapena 12800 kawirikawiri kuposa mmene mukuganizira. Mapulogalamu a masiku ano monga DxO PureRAW ndi Denoise ya mu Lightroom amachotsa bwino timadontho ta mchengamchenga tomwe timabwera ndi ISO yokwera, bola mujambule mu RAW, mtundu wa chithunzi chomwe kamera sinachikonze, koma sangabwezeretse nthenga yomwe sinajambulike n'komwe.

Ndivomereze zofooka za njira yangayi kuti a Kakowa asavutike kuzitchula. Lenzi ya 500 PF sitola fokasi pa chinthu chomwe chili pafupi kuposa mamita atatu, pamene yawo imafika pa mita 1.3, ndipo pa khonde lomwe timbalame ta hummingbird timadzamwera madzi a shuga mtunda wa mamita atatu ndi wautali. Nkhani ya mchira wa quetzal nayonso ndi yoona. Yankho langa ndi lakuti 70-300mm yanuyo musaisiye kunyumba, poti siifika n'komwe theka la kilogalamu, ndipo pa khondepo ndi pa boti idzagwira ntchito.

Nkhwazi:

Ine sindilowerera pa mkangano wa akuluakulu awiriwa, koma ndifunse a Namzeze funso limodzi: kuchokera pa tsiku lomwe mudzalandire chida chatsopanocho kufika pa tsiku lonyamuka, padzakhala milungu ingati? Ndikufunsa chifukwa ndinachitapo zopusa zomwe sindifuna kuti zichitikire munthu wina. Ndinagula kamera yatsopano kutatsala masiku anayi kuti ndinyamuke, ndinawerenga buku lake m'ndege, ndipo m'mawa woyamba namulondola atatiloza mbalame yomwe tinaiyendera ulendo wonsewo, chala changa chinapita pomwe panali batani la ISO pa kamera yakale n'kupeza batani lina, chithunzi chinada bii, ndipo pamene ndinkafufuza m'mamenyu mbalameyo inatembenuka, n'kugwedeza mchira kamodzi, n'kulowa m'masamba. Kamerayo inalibe vuto lililonse. Ngati mulibe milungu isanu kapena isanu ndi umodzi yojambula nkhunda ndi mpheta tsiku ndi tsiku mpaka zala zitadziwa zokha poyenda, maganizo a a Kadzidzi oti musunge kamera yomwe mukuidziwa ali ndi mphamvu kuposa mmene akuonekera pa pepala.

Za pa bwalo la ndege, mabatire a lithium omwe sali m'kamera amayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, saloledwa m'sutikesi yopita pansi. Malire omwe safuna chilolezo chapadera ndi 100 Wh (muyezo wa moto womwe batire limasunga) pa batire limodzi, ndipo a makamera onse atchulidwa panowa safika ngakhale 20 Wh, choncho palibe chodetsa nkhawa, koma phimbani timano take ndi tepi kapena muike lililonse m'kathumba kakekake. Chiwerengero cha mabatire omwe mudzafune chimadalira kamera yomwe mwasankha. Pa muyezo wa CIPA, bungwe la makampani opanga makamera, D500 imajambula zithunzi 1,240 pa batire limodzi pamene OM-1 imajambula 520, chifukwa kamera yopanda kalirole m'kati, monga OM-1, imadya moto nthawi yonse yomwe diso lanu lili pa choonera, ngakhale musakujambula. Ku Costa Rica magetsi ndi a 120V ndipo masoketi ndi a mtundu wa ku America, a timano tiwiri taphanthiphanthi, ndiye onani pa chaja yanu ngati palembedwa 100-240V ndipo munyamule adaputala. Ngati sikelo ikukuopsani, valani jekete ya matumba akuluakulu, muikemo mabatire ndi lenzi yaing'ono, kamera ikhale m'khosi.

Chomaliza ndi chinyezi, chomwe ambiri amachiiwala. Mukagona m'chipinda chozizira ndi makina ku Sarapiquí kapena ku Tárcoles, n'kutuluka m'mawa ndi kamera m'manja, galasi lonse limachita nthunzi kunja ndi m'kati momwe, ndipo kupukuta sikuthandiza. Mumangoima n'kumadikira pamene anzanu akujambula. Zida muziziika m'thumba la pulasitiki lotseka bwino musanatuluke, ndipo muzilitsegula zikafunda, kapena muzigoneke ku bafa komwe mphepo yozizirayo siifika. Timapaketi ta silica gel tisasowe m'chikwama, ndipo mukabwerako musatsekere lenzi yonyowa m'kabati, chifukwa chuku chikamera m'kati mwa galasi chimavuta kuchotsa.

Namzeze:

Ndikuthokoza nonse atatu chifukwa cha nthawi yanu. A Nkhwazi, kwatsala milungu isanu ndi inayi, ndiye nthawi yophunzira ilipo ndithu ngati ndingasankhe sabata ino. Kasamu ka a Kadzidzi kanditsegula maso, popeza ndinkaganiza kuti vuto langa lonse ndi kutalika kwa lenzi, koma nditabwereranso ku zithunzi zanga zakale ndapeza kuti zoipitsitsa ndi zomwe ndinajambula pamthunzi pa 1/60 ya sekondi, ndipo zina mwa izo fokasi inagwira nthambi ya patsogolo osati mbalame. Izi zikutanthauza kuti ndili ndi mavuto onse awiri, la kuwala ndi la fokasi, ndipo n'chifukwa chake ndikadali pamphambano.

Dzulo ndinadzaza botolo la malita awiri ndi madzi, n'kulimangirira lamba, n'kuyenda nalo kwa ola limodzi ndi theka, ndikumalikweza kumaso kangapo ngati ndikujambula. Phewa linapirira, koma linandiuza momveka kuti pamenepo ndiye pothera. D500 ndi 500 PF pamodzi ndi makilogalamu 2.3, ndiye njira imeneyo yatsekeka. Zatsala ziwiri, 500 PF pa D5600 yanga, kapena OM-1. Kodi pa OM-1 palibe lenzi ina yotolera kuwala kochulukirapo kuposa 100-400mm, yomwe singandipyoletse makilogalamu awiri? Nanga tripod ndinyamule?

Kakowa:

Ilipo, a Namzeze, ndipo ndikanayenera kuitchula poyamba paja. M.Zuiko 300mm f/4 IS PRO imalemera magalamu 1,270 popanda chogwirira, kotero pamodzi ndi OM-1 simufika makilogalamu 1.9. Pa kasamu ka a Kadzidzi ikupereka mamilimita 75, omwe ali pakati pa yanga ndi yawo, imaona mofanana ndi mamilimita 600, ndipo imatola fokasi mpaka pa mita 1.4, choncho pa khonde la timbalame tija simudzafunika kusintha lenzi. Mukafika pa mtsinje pomwe kuwala n'kokwanira, mutha kuikapo kagalasi kowonjezera ka 1.4x, komwe kamaisandutsa 420mm f/5.6. Chomwe mwataya ndi zoom, ndipo quetzal ikadzatera pafupi mudzatembenuza kamera choimika kuti mchira ulowe, kapena mudzabwerera chambuyo monga bambo uja, mutayang'ana kaye komwe kuli mpanda.

Kadzidzi:

Pa lenzi imeneyo sinditsutsa. F/4 m'nkhalango ndi chinthu chamtengo wapatali, ndipo popeza mwapeza nokha kuti fokasi yakhala ikukuthawirani ku nthambi, kamera yozindikira diso idzakupulumutsirani zithunzi zambiri kuposa zomwe mamilimita 14 osiyanawo akanakupatsani. Ndiwonjezere chinthu chimodzi chomwe chikufooketsa njira yanga yomwe: D5600 ilibe pokonzera fokasi kuti igwirizane ndendende ndi lenzi inayake, ndipo pa lenzi yaitali kuphonya kwa masentimita awiri kumachotsa fokasi pa diso n'kuiika pa phiko.

Tripod isiyeni. M'tinjira ta m'nkhalango ndi topapatiza, ta mizu ndi matope, ndipo pamene mukutambasula miyendo itatu mbalame imakhala itapita. Pa boti ndiye imangotengera kunjenjemera kwa injini n'kukupatsira kamera. Ngati phewa likuvuta, tengani monopod (choimikira cha mwendo umodzi) yopepuka yomwe imapindika n'kulowa m'sutikesi yopita pansi, ndipo lamba wa m'khosi wobwera ndi kamera mum'sinthe ndi wopingasa pachifuwa, womangirira ku phazi la lenzi osati ku kamera, kuti kulemera kugwere ku phewa lakumanzere. Dziwani kuti phazilo likakhalapo limawonjezera magalamu pafupifupi 200, ndiye botolo lanu lija mulidzaze mpaka pakamwa, mulipachike mopingasa, muyendenso nalo mawa musanaitanitse kanthu.